Pauta ya akatswiri nayonso izipachikidwa pakhoma



Lero ndiyamba ndi kudziulula. Chaka chatha, pamsonkhano wa ZIP, anandipatsa mpata woti ndiyankhule za njira zophunzitsira zimene zimapatsa ana danga lochita nawo zinthu m'kalasi. Ndinakonzekera mpaka usiku. Ndinajambula papepala lalikulu chithunzi chija chosongoka ngati chulu, chimene ambirife tinachiona tili ku IFP. Pamwamba pamalembedwa kuti munthu amakumbukira 10 peresenti ya zimene wawerenga, kenako 20 peresenti ya zimene wamva, 30 peresenti ya zimene waona, kumatsika choncho mpaka pansi pomwe pamalembedwa 95 peresenti ya zimene waphunzitsa mnzake. Ndinalembapo dzina la William Glasser, monga momwe formador wathu analembera pabolodi zaka zija. Ndiye ndinanena mokweza kuti, "Kafukufuku wasonyeza." Anthu anagwedeza mitu, ena anajambula ndi mafoni, ndipo mkulu wa sukulu anandiyamikira pamaso pa onse.

Madzulo ake foni inalira. Unali uthenga wochokera kwa mphunzitsi wina wamkazi amene anali atangoyamba kumene ntchito. Analemba kuti: "Aphunzitsi, pepani, musandione ngati wamwano. Kodi manambala aja anawapeza poyesa ana angati, a dziko liti, chaka chanji?"

Ndisaname, mtima unandipweteka. Ndinati mumtima, dikira ndikutumizire lipotilo uone wekha. Ndinatha madzulo awiri ndi mamega ambiri ndikufufuza. Lipotilo sindinalipeze. Chimene ndinapeza n'chakuti anthu ena akhala akulifunafuna kwa zaka zambiri ndipo nawonso sanalipeze. Pali chithunzi chofanana nacho chimene Edgar Dale, mphunzitsi wa ku America, anajambula mu 1946, koma chakecho chinalibe nambala ngakhale imodzi. Manambala anamatidwapo pambuyo pake, ndipo akhala akuyenda kuchoka m'buku kupita m'buku, kuchoka pamaphunziro awa kupita pa ena, aliyense akukhulupirira amene anamuuza. Ine ndimaphunzitsa masamu. Ndinayenera kudabwa ndekha kuti zowerenga zenizeni za ana amoyo zingatuluke bwanji 10, 20, 30, zosalala ngati mazira.

Nditamuyankha kuti akunena zoona, ndinamufunsa chifukwa chimene sanafunsire pamsonkhano pomwepo. Anati: "Pamaso pa akuluakulu onse aja? Ine wongobwera dzulodzuloli?"

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikuwerenga za momwe akatswiri a sayansi amadzudzulirana ntchito yawo ikatuluka kale. Maganizo anga ndi awa: lipoti la kafukufuku likasindikizidwa, kuliunika kuyenera kupitirira, poyera, pa intaneti pomwe aliyense angaone, ndipo wamng'ono ngakhalenso woopa kutchula dzina lake apatsidwe malo ofunsira. Ndikudziwa kuti ena a inu simugwirizana nazo, ndipo zifukwa zanu ndizitchula.

Tiyambe ndi chinthu chimene tonse timachidziwa. Kumapeto kwa trimestre timachonga mayeso, timawonkhetsa, timalemba pauta. Timakhala pansi aphunzitsi angapo n'kuunikanso mzere ndi mzere. Mkulu wa sukulu amasainira. Kenako pauta imapachikidwa pakhoma. Ndani mwa ife sanaonepo mwana akubwera mwamantha, pepala lili m'manja, n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mwandiika 9, koma ndikawonkhetsa zikubwera 12"? Ukaonanso, upeza kuti mwanayo akunena zoona. Mwana ameneyu sanaphunzire kuposa aphunzitsi amene anakhala pansi aja. Kungoti ife tinali ndi mizere mazanamazana, titatopa, dzuwa litapendeka, pomwe iye anali ndi mzere umodzi wokha, ndipo mzerewo ndi umene unena ngati akhoza kapena abwereza. Pauta ikanangotsekeredwa mukabati itasainidwa, 9 uja akanakhala 9 mpaka kalekale.

Kwa akatswiri a sayansi zimayendanso choncho. Munthu akamaliza kafukufuku amalemba lipoti n'kulitumiza ku magazini ya akatswiri. Mkonzi amalipereka kwa akatswiri ena awiri kapena atatu a phunziro lomwelo kuti aliwerenge. Nthawi zambiri anthu amenewa salipidwa, ndipo amachita izi pamwamba pa ntchito zawo. Kawirikawiri amangowerenga zimene olembawo alemba. Sabwereza kuyesako, ndipo nthawi zambiri saona manambala onse oyambirira. Amadalira kuti mnzawoyo ndi woona mtima ndipo sanalakwitse powerengera. Akavomereza, lipoti limatuluka, atolankhani amalitola, kenako limafika m'mafoni athu litavala mawu aja akuti "asayansi apeza". Kale munthu akaona cholakwika ankalembera kalata mkonzi. Mkonziyo ankatha kuisindikiza patapita miyezi, kapena kuisiya mudirowa.

Tikumbukire 2020. Ambirife tinalandira mauthenga onena kuti mankhwala a Covid-19 apezeka, ndipo ndi kolorokwini yemwe uja tinkamwa tili ana, wowawa uja, woyabwitsa thupi uja. Nkhaniyi siinayambire pa WhatsApp. Gwero lake lalikulu linali ku Marseille, ku France, kumene gulu la dokotala wotchuka Didier Raoult linatulutsa lipoti pa 20 Malichi 2020 m'magazini ya International Journal of Antimicrobial Agents. Lipotilo linati hydroxychloroquine, amene ndi m'bale wake wa kolorokwini, amachotsa kachilomboka msanga, makamaka akaphatikizidwa ndi azithromycin. Tsiku lotsatira Donald Trump, yemwe anali mtsogoleri wa America, anatamanda mankhwala awiriwa pa Twitter. Ku Lagos, ku Nigeria, anthu ena anathamangitsidwa nawo kuchipatala atamwa kolorokwini wopitirira muyeso. M'mayiko angapo odwala matenda a lupus, amene amadalira hydroxychloroquine tsiku ndi tsiku, anayamba kuvutika kumupeza.

Pasanathe sabata, anthu amene anawerenga lipotilo modekha anayamba kulemba pa intaneti zimene anaona. Mmodzi wa iwo anali Elisabeth Bik, mayi wa ku Netherlands, katswiri wa tizilombo tosaoneka ndi maso. Odwala amene anapatsidwa mankhwalawo anali 26, koma powerengera zotsatira anatsala 20. Nanga 6 aja anapita kuti? Atatu anadwalika kwambiri n'kusamutsidwira kuchipinda cha odwala mwakayakaya. Mmodzi anamwalira. Mmodzi anachoka kuchipatala, ndipo wina anasiya kumwa chifukwa cha nseru. Onsewa sanawerengedwe. Aphunzitsi anzanga, taganizani nditakhala ndi turma ya ana 26, n'kuchotsa pamndandanda ana 6 amene zinawavuta, kenako n'kupita kwa akuluakulu a maphunziro kukanena kuti njira yanga yophunzitsira ndi yamphamvu. Mungandilole? Panalinso zina. Odwala sanagawidwe mwa maere kuti magulu awiriwo afanane, ndipo ena mwa amene sanapatsidwe mankhwala anali a m'zipatala zina. Magaziniyo inalandira lipotilo pa 16 Malichi n'kulivomereza pa 17 Malichi, ndipo mmodzi mwa olemba ake anali mkonzi wamkulu wa magazini yomweyo.

Zonsezi zinali poyera kwa aliyense amene akanawerenga mofatsa. Mu Juni 2020 kafukufuku wamkulu wa ku Britain wotchedwa RECOVERY, amene anafananiza odwala oposa 4,000 ogawidwa mwa maere, anapeza kuti hydroxychloroquine sachepetsa imfa pakati pa ogonekedwa m'chipatala ndi Covid-19. Koma lipoti la ku Marseille lija linadzachotsedwa mu Disembala 2024, patapita zaka zoposa zinayi ndi theka. Mlandu suola, n'zoona. Koma madokotala ndi odwala a mu 2020 sakanatha kudikira mpaka 2024. Chimene chinawachenjeza panthawi yake ndi anthu aja amene analemba poyera.

Wina anganene kuti odzudzulawo ankangodana ndi mankhwalawo kapena ndi amene ankawatamanda. Tamvani zimene zinachitika miyezi iwiri pambuyo pake. Pa 22 Meyi 2020, The Lancet, imodzi mwa magazini olemekezeka kwambiri a zachipatala, inatulutsa lipoti lonena zosiyana: kuti mankhwala omwewa amaonjezera imfa. Linati latenga zolembedwa za odwala oposa 96,000 m'zipatala 671, kudzera ku kampani ina yaing'ono ya ku America yotchedwa Surgisphere. Bungwe la WHO linaimitsa kaye kuyesa mankhwalawo. Koma owerenga anayambanso kuwonkhetsa. Ku Australia lipotilo linatchula imfa zambiri kuposa zimene boma la dzikolo linali litalengeza panthawiyo. Akatswiri oposa 100 anasainira kalata yapoyera, imene anaitsogolera James Watson, katswiri wa masamu a zachipatala yemwe ankagwira ntchito ku Thailand. Mwa zina, kalatayo inadabwa ndi manambala a ku Africa: zingatheke bwanji kuti gawo lalikulu chonchi la odwala a kontinenti yonse lipezeke m'zipatala zokhala ndi makompyuta olemba chilichonse cha wodwala? Aliyense amene anagonekapo m'bale wake m'zipatala zathu akanafunsa funso lomwelo. Kampaniyo inakana kuonetsa manambala ake kwa ofufuza apadera, ndipo pa 4 Juni lipotilo linachotsedwa, patangotha masiku 13.

Mwaona? Mafunso amodzimodziwo anagwetsa lipoti lotamanda mankhwalawo, anagwetsanso lipoti lowanyoza. Odwala anali angati? Anachokera kuti? Manambala akugwirizana? Mafunso otere alibe mbali.

Pali malo pa intaneti amene anakonzedwera ntchito imeneyi. Amatchedwa PubPeer. Anayamba mu 2012, ndipo mmodzi mwa oyambitsa ake ndi Brandon Stell, katswiri wa zaubongo amene amagwira ntchito ku Paris. Munthu amalemba mutu wa lipoti lililonse lofalitsidwa, n'kuika ndemanga pansi pake. Akhoza kutchula dzina lake kapena kulibisa. Lamulo lake ndi lakuti ndemanga ikhale pa zinthu zimene wina aliyense angathe kuziona yekha, monga kunena kuti chithunzi chachitatu chikufanana ndi chachisanu pomwe akuti n'zoyesa ziwiri zosiyana. Olemba lipotilo amadziwitsidwa ndipo akhoza kuyankha pomwepo. Ena amayankha mothokoza n'kukonza. Ena amaonetsa kuti wofunsayo ndiye sanamvetse. Ena amangokhala chete, ndipo kukhala chete kumeneko nakonso owerenga amakuona.

Elisabeth Bik uja ndi mmodzi mwa amene amalemba kwambiri pamenepo, ndipo amalemba ndi dzina lake. Mu 2016, pamodzi ndi Arturo Casadevall ndi Ferric Fang, anatulutsa zotsatira za ntchito imene anaigwira ndi maso ake okha. Anayang'ana zithunzi za m'malipoti 20,621 ochokera m'magazini 40, ndipo mu 782 anapezamo zithunzi zobwerezedwa mosayenera. Amenewa ndi pafupifupi 4 pa 100 alionse. Ena anali olakwitsa chabe, monga mmene ife timakoperera dzina la mwana kawiri. Koma pafupifupi theka ankaoneka kuti munthu anachita dala, kutembenuza chithunzi kapena kudula chidutswa n'kuchimata pena. Malipoti onsewa anali atadutsa kale m'manja mwa akatswiri ounika.

Tsopano ndibwere ku zimene anzanga ena amanditsutsa nazo tikamacheza.

Choyamba ndi nkhani yobisa dzina. Mnzanga wina wachikulire, amene ndimamulemekeza kwambiri, anati: "Achimwene, kwathu kuno munthu wokhala ndi mlandu amaima pabwalo, amfumu ndi anthu akumuona. Woponya mwala ali kuseri kwa mpanda ndi mfiti." Mawu amenewa ali ndi nzeru. Tonse tikudziwa zimene makalata opanda dzina amachita pasukulu, momwe amadanitsira anthu. Koma ndimakumbukira mphunzitsi wamkazi uja. Akanafunsa pamsonkhano, bwenzi ena akumutcha wodzimva, ndipo mkulu amene anandiyamikira uja ndi yemwenso amalemba za kagwiridwe kake ka ntchito. M'sayansi zilinso choncho, mwinanso kuposa. Amene amaona cholakwika msanga nthawi zambiri ndi wophunzira kapena wantchito wamng'ono, pomwe wolemba lipoti ndi pulofesa amene mawa adzakhala pagulu logawa ndalama za kafukufuku kapena lopereka ntchito. Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Mantha amenewa si ongopeka. Mu 2021 Didier Raoult ndi mnzake anakasuma ku France kuti Elisabeth Bik akuwazunza, ngakhale kuti pomaliza oimira boma pamilandu sanapeze chifukwa chomuzengera. Ku America, Fazlul Sarkar, wofufuza za khansa ku Wayne State University, analandidwa ntchito imene anali atalonjezedwa ku University of Mississippi mu 2014 pambuyo pa ndemanga za pa PubPeer. Anapita kukhoti kufuna kuti mayina a olemba ndemangazo aululidwe. Mu Disembala 2016 khoti la apilo la ku Michigan linakana. Yunivesite yake yomwe itafufuza inapeza kuti panalidi chinyengo, ndipo malipoti ake pafupifupi 40 anachotsedwa. Olemba ndemanga aja akanadziwa kuti mayina awo adzaperekedwa kwa maloya, ndi angati akanalemba? Palinso phunziro lina. Mu 2013 laibulale yaikulu ya zachipatala ya boma la America inatsegula malo a ndemanga otchedwa PubMed Commons, pomwe aliyense ankayenera kulemba ndi dzina lake lenileni. Anawatseka mu 2018 chifukwa olemba anali ochepa kwambiri.

Ndiye kwa mkulu uja ndimayankha kuti pali kusiyana pakati pa kunena kuti "uje ndi wakuba" ndi kunena kuti "taonani mzere wachinayi, 7 kuphatikiza 5 sizipanga 9". Mawu oyambawo amafuna kuti tidziwe wonenayo, chifukwa tikudalira umboni wake. Achiwiriwo safuna dzina, chifukwa aliyense akhoza kutenga cholembera n'kuwonkhetsa yekha. Ndemanga yobisa dzina ndimaivomereza ikakhala ya mtundu wachiwiriwu basi. Ikayamba kunena za mtima wa munthu, za banja lake, za mphekesera, imeneyo ichotsedwe.

Chachiwiri n'cholemera kwambiri, ndipo sindikufuna kuchipeputsa. Kudzudzula kwa poyera kumavulaza anthu. Kumapeto kwa Januwale 2014, magazini ya Nature inatulutsa malipoti awiri a Haruko Obokata, wofufuza wachitsikana wa ku bungwe la RIKEN ku Japan. Anati maselo wamba akaviikidwa m'madzi okhala ndi asidi pang'ono amabwerera kukhala maselo amene angathe kusanduka chiwalo chilichonse. Dziko lonse linadzidzimuka. Patangopita masiku ochepa, ndemanga za pa PubPeer ndi malo ena zinayamba kuloza zithunzi zokayikitsa, ndipo akatswiri a m'mayiko osiyanasiyana ankalemba kuti ayesa kubwereza koma sizikutheka. Mu Epulo RIKEN inapeza Obokata wolakwa, ndipo mu Julayi malipotiwo anachotsedwa. Mu Ogasiti, Yoshiki Sasai, katswiri wamkulu amene ankamuyang'anira, anadzipha. Kafukufuku wa bungwelo sanamupeze ndi chinyengo. Anamudzudzula chifukwa chosayang'anira mokwanira. Kwa miyezi yambiri atolankhani ndi anthu a pa intaneti anali pamsana pa anthu awiriwa.

Nkhani imeneyi ndikaikumbukira ndimakhala chete kaye. Amene analoza zithunzi zija anachita bwino, chifukwa akanapanda kutero malabotale ambiri akanataya zaka ndi ndalama pothamangitsa chinthu chimene kulibe. Koma khamu limene linabwera pambuyo pake, loseka ndi lotukwana, silinkafunanso kudziwa za maselo. Ife aphunzitsi tikudziwa kusiyana kwa kuchonga ndi cholembera chofiira m'kope la mwana ndi kumuimika kutsogolo kuti anzake amuseke. Ndikateteza kudzudzula kwa poyera, ndikuteteza cholembera chofiiracho. Ndipo ife amene timangolandira nkhani m'mafoni tisamaonjezere nkhuni pamoto potumiza chithunzi cha munthu ndi mawu onyoza, pomwe lipoti lake sitinaliwerenge n'komwe.

Chachitatu chimachokera kwa makolo, komanso kwa mnzanga wina namwino. Iye anati: "Mukamalemba zoterezi anthu asiya kukhulupirira chipatala. Mawa akana katemera, ati asayansi ndi abodza." Nkhawa imeneyi ndikuimvetsa. Koma taganizani, ndi sukulu iti imene mumaikhulupirira: imene imapachika pauta n'kukonza ikalakwitsa, kapena imene imati pano sitilakwitsa, osafunsa? Manambala a Bik aja akutiuzanso kuti m'malipoti 96 pa 100 alionse sanapezemo vuto limene ankafufuzalo. Ndipo zinthu zimene chipatala chimatipatsa sizitsamira pa lipoti limodzi. Katemera wa malungo wa RTS,S anayesedwa pa ana ku Manhiça, kuno ku Mozambique, zotsatira zake n'kutuluka mu 2004. Anayesedwanso m'mayiko ena angapo a mu Africa. Mu 2019 anayamba kuperekedwa m'madera osankhidwa ku Malawi, Ghana ndi Kenya, akatswiri akuyang'anitsitsa, ndipo WHO inadzamuvomereza mu 2021. Pazaka zonsezo maso ambirimbiri anali pa iye. Kusiyana kwake ndi lipoti la odwala 26 lovomerezedwa tsiku limodzi kuli pamenepo. Munthu amene wamvetsa zimenezi sakana katemera. Amene amakana msanga ndi uja anauzidwa kuti sayansi siilakwa, ndiye tsiku lina wamva kuti yalakwa.

Mwina mukufunsa kuti, nanga ife a pulayimale zikutikhudza pati, popeza sitiyang'ana maselo? Zikutikhudza chifukwa ana athu nawonso amafufuzidwa. Ambirife tinalandirapo alendo pasukulu, atanyamula matabuleti ndi wotchi, akuitana ana mmodzimmodzi kuti awerenge. Amawerenga mawu amene mwana wawerenga pamphindi imodzi, amathokoza, amakwera galimoto. Lipoti limalembedwa m'Chingelezi kapena m'Chipwitikizi, ndipo amene amaliunika mwina sanamvepo chinenero chathu. Tsono tamvani. Mwana akawerenga kuti "sindidzakuuzaninso", wawerenga liwu limodzi. Mnzake wowerenga Chipwitikizi akanena zomwezo, "não vos direi mais", wawerenga mawu anayi. Ngati lipoti lingaike manambala a ana awiriwa pambali n'kunena kuti woyambayo amawerenga mochedwa, katswiri wa kutali akhoza kulivomereza ndi mtima woyera. Inu ndi ine tingaone vutolo nthawi yomweyo. Ifenso ndi amene tingadziwe ngati m'mayesomo munali liwu limene ana a dera lino salinena, kapena ngati alendowo anabwera sabata imene theka la kalasi linali kumunda kukakolola mbatata. Ofufuza abwino amazidziwa zimenezi ndipo amazikonzekera. Koma tingadziwe bwanji kuti anazikonzekera ngati lipotilo sitinalione? Choncho alendo otere akadzabweranso, tiwalandire bwino, koma tiwafunse mwaulemu kuti zotsatira tidzaziwerengera kuti, ndipo tikaona cholakwika tidzalembere ndani.

Ndipo tisadzichepetse. Thomas Herndon, wophunzira pa University of Massachusetts Amherst, anapatsidwa ntchito ya m'kalasi yobwereza masamu a lipoti lotchuka la akatswiri awiri a zachuma a ku Harvard, Carmen Reinhart ndi Kenneth Rogoff. Lipotilo, la mu 2010, linkati ngongole ya boma ikapitirira 90 peresenti ya chuma cha dziko, chumacho chimasiya kukula, ndipo andale a ku America ndi ku Ulaya ankalitchula pofuna kudula ndalama zothandizira anthu. Masamu a Herndon ankakana kufanana ndi awo. Atapempha, akatswiriwo anamutumizira tebulo lawo la Excel, ndipo mwa zolakwika zina anapeza kuti powerengera pakatikati mayiko asanu anasiyidwa kunja. Iye ndi aphunzitsi ake atakonza zonse, chuma cha mayiko angongole zambiri chinapezeka kuti chinkakula ndi 2.2 peresenti, pomwe lipotilo linkati chinkatsika ndi 0.1 peresenti. Akatswiriwo anavomera cholakwika cha mutebulo, ngakhale anapitiriza kunena kuti ngongole yambiri imayendera limodzi ndi kukula kochedwa. Ine ndimawapatsa ulemu chifukwa chotumiza tebulolo. Akanatha kukana.

Ndiye nthawi ina mukadzalandira uthenga kapena mukadzakhala pamaphunziro n'kumva kuti "kafukufuku wasonyeza", yesani mafunso awa. Anachita ndani, ndipo analifalitsa kuti? Anayesa anthu angati, anawafananiza ndi ati, ndipo amene anasowa panjira anawerengedwa? Kodi ena anabwereza n'kupeza zomwezo? Litatuluka, anzawo ananenapo chiyani? Funso lomalizali mukhoza kuliyankha ndi foni yanu. Lembani mutu wa lipotilo pa PubPeer, kapena ulembeni pa Google pamodzi ndi liwu la Chingelezi lakuti retracted, limene limatanthauza kuti lipoti linachotsedwa. Palinso Retraction Watch, imene atolankhani Ivan Oransky ndi Adam Marcus anayambitsa mu 2010, ndipo imasunga mndandanda wa malipoti ochotsedwa. Kusapeza ndemanga sikutanthauza kuti lipoti ndi langwiro, chifukwa ambiri palibe amene anawayang'anapo kachiwiri. Kupeza ndemanga sikutanthauzanso kuti wolemba ndi wachinyengo. Werengani funsolo, werenganinso yankho lake. Ndipo ngati wonena uja sangathe ngakhale kutchula lipotilo, monga mmene ine ndinalepherera, musatumize uthengawo kwa ena. Safunsa anadya phula.

Pamsonkhano wa ZIP wotsatira ndinapempha mphindi zisanu. Ndinabweretsa pepala lija n'kuuza anzanga kuti manambala amene ndinawaonetsa alibe gwero, ndipo amene anajambula afufute. Ndinati kupatsa ana mpata wofotokozerana ndimakuonabe kuti kumathandiza m'kalasi mwanga, koma 95 uja sindingamuikire kumbuyo. M'chipindamo munali zii kwa kanthawi. Kenako mphunzitsi wina wachikulire anaseka n'kunena kuti iye wakhala akuphunzitsa chithunzi chimenecho kuyambira ine ndisanalowe IFP. Ndinali nditafunsa mnzathu uja ngati ndingamutchule dzina pomuthokoza. Anakana. Ndiye ndinangoti "mnzathu wina ndiye anandifunsa", ndipo iye anali atakhala kumbuyo, akulemba m'kope lake ngati nkhaniyo siikumukhudza.

Zimene ndalemba panozi nazonso ndazipachika pakhoma. Mukaona tsiku, dzina kapena nambala imene ndalakwitsa, lembani m'munsimu ndipo mundionetse pomwe mwaipeza. Ngati simukufuna kuti anthu akuoneni, nditumizireni uthenga kumbali. Ndidzakonza pompano pomwe onse akuona, ndipo dzina lanu sindidzatchula.